Tebulo la misonkho la odzilemba okha ntchito: pamene tafika

Ntchito imene tili nayo ndi yokonza tebulo la pakompyuta, pamodzi ndi kabuku kolifotokoza, loti munthu wogwira ntchito payekha kapena amene wangoyamba kumene bizinesi azitha kuona nthawi iliyonse kuti pa ndalama zimene zili mu akaunti yake, zake ndi zingati ndipo za boma ndi zingati. Tebuloli silinamangidwe pa malamulo a dziko limodzi. Maperesenti, malire ndi masiku olipirira, mwiniwake amalowetsa yekha patsamba loyamba. Ife tikuliyesa ndi malamulo a mayiko angapo kuti tione pamene likuthyoka. Manambala opanda dzina la ndalama m'zolembazi ndi ongochitira chitsanzo.

Tsamba la ndondomeko yolembetsa: latha

Ili silinavute kulemba, koma linavuta kusanja. Zofunika kwa woyamba bizinesi zimafanana pafupifupi kulikonse: kulembetsa dzina la bizinesi, kutenga nambala ya msonkho, kutsegula akaunti ya kubanki, kutenga laisensi ya khonsolo, ndipo pa ntchito zina monga zakudya, mankhwala ndi zonyamula anthu, chiphaso cha bungwe loyang'anira ntchitoyo. Chimene chimadya nthawi n'chakuti ofesi iliyonse imafuna pepala lochokera ku ofesi ina. Banki imafuna satifiketi yolembetsera ndi nambala ya msonkho. A khonsolo amafuna pangano la lendi. Mwininyumba naye nthawi zina safuna kusaina pangano ndi bizinesi yomwe sinalembetsedwe. N'chifukwa chake pa mzere uliwonse tayikapo madanga awiri: "chimene ofesiyi imafuna" ndi "chimene ofesiyi imapereka". Munthu akadzaza madanga amenewa asanachoke pakhomo, amaona yekha koyambira.

Tawonjezanso chenjezo lalikulu pamwamba pa tsambali lokhudza kalembedwe ka dzina. Dzina la munthu ndi la bizinesi zilembedwe chimodzimodzi pa mapepala onse, chilembo ndi chilembo, monga zilili pa chitupa. Dzina lapakati likalembedwa lonse pa fomu ina koma n'kufupikitsidwa pa ina, makina a bungwe lotolera misonkho ndi a banki amaona ngati ndi anthu awiri, ndipo kukonza zimenezi kumatenga nthawi yaitali kuposa kulembetsa komweko.

Tsamba la ndalama zolowa: latha, koma lakula

Poyamba tsambali linali ndi madanga atatu: tsiku, kasitomala, ndalama. Pano lili ndi asanu ndi awiri, ndipo lililonse lili ndi chifukwa chake.

Tsiku tinaligawa pawiri, tsiku la invoisi ndi tsiku limene ndalama zalowadi. M'mayiko ambiri VAT, msonkho umene wogulitsa amaonjezera pa mtengo n'kukapereka kuboma, imawerengedwa kuyambira tsiku la invoisi, ndiye kasitomala akachedwa kulipira miyezi itatu, wogulitsa amapereka kuboma msonkho wa ndalama zimene sanazigwire. Ku Britain kuli njira yoti mabizinesi ang'onoang'ono azipereka VAT pokhapokha kasitomala atalipira, koma iyi ndi njira yochita kuisankha. Tebulo likufunsa patsamba loyamba kuti munthu ali pa njira iti, ndipo limatengera yankholo posankha tsiku loti liwerengere.

Danga lina ndi la msonkho umene kasitomala amadula asanalipire. Makampani akuluakulu ndi maofesi a boma m'mayiko ambiri amalamulidwa kudula gawo la malipiro a munthu wowagwirira ntchito n'kulipereka okha kuboma. Invoisi ikhale ya 200,000, odula adule 10 peresenti, mu akaunti mulowa 180,000. Ambiri amalemba 180,000 ngati ndalama zimene apeza, ndipo apa amalakwitsa pawiri. Ndalama zopeza ndi 200,000, ndipo 20,000 ija ndi msonkho umene walipidwa kale m'dzina lawo, woyenera kuchotsedwa pa msonkho wa kumapeto kwa chaka. Koma boma silivomereza zimenezi ndi pakamwa chabe. Limafuna satifiketi yochokera kwa amene anadulayo. Choncho pali danga loti "satifiketi yabwera?", ndipo mzere umakhala wofiira mpaka munthu atalembapo kuti inde. Kabuku kakulangiza kuitanitsa satifiketiyo sabata yomweyo imene malipiro afika, chifukwa pakapita miyezi khumi, amene anakonza malipirowo angakhale atasiya ntchito, ndipo palibe amene amathamangira kufufuza mafayilo a mnzake.

Pa VAT tayika masamu amene anthu amaphonya kawirikawiri. Ngati msonkhowu uli 20 peresenti, katundu wa 100,000 amagulitsidwa 120,000. Wina akafuna kudziwa VAT imene ili mu 120,000, amangotenga 20 peresenti ya 120,000 n'kupeza 24,000, pamene yoona ndi 20,000. Njira yake ndi kuchulukitsa ndalama zonse ndi peresentiyo, kenako kugawa ndi 100 wophatikiza peresenti yomweyo: 120,000 kuchulukitsa ndi 20, kugawa ndi 120. Tebulo limachita lokha, koma tasiya masamuwo poonekera kuti munthu aziona kumene nambala yachokera.

Tsamba la kalendala: likupangidwa, ndipo ndilo mtima wa ntchito yonse

Titayesa tebuloli ndi malamulo a mayiko osiyanasiyana, zaoneka kuti kuwerengera kuchuluka kwa msonkho ndi mbali yaing'ono ya vuto. Chimene chimagwetsa bizinesi yaing'ono ndi tsiku limene msonkhowo ukufunika. Wolembedwa ntchito msonkho wake umadulidwa mwezi ndi mwezi asanaone n'komwe ndalamazo. Wodzilemba yekha amalandira zonse, amazisunga mu akaunti imodzi, amagulira katundu, amalipira lendi, kenako boma limabwera patapita nthawi yaitali kudzafuna gawo lake lonse kamodzi.

Chitsanzo cha Britain chikuonetsa bwino zimenezi. Chaka cha msonkho kumeneko chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo chaka chotsatira, ndipo msonkho wa chakacho umafunika pofika pa 31 Januwale. Munthu amene anayamba bizinesi mu Meyi 2024 salipira kanthu mpaka pa 31 Januwale 2026, patapita miyezi pafupifupi 20. Tsiku limenelo likafika, bungwe lotolera misonkho la HMRC silifuna msonkho wa chaka chathacho chokha. Ngati msonkhowo wapitirira mapaundi 1,000, limafunanso theka lake ngati malipiro oyambirira a chaka chotsatira, ndi theka linanso pa 31 Julayi. Amene anawerengera bwinobwino kuti msonkho wake ndi mapaundi 3,000 n'kusunga ndendende amenewo, amapeza kuti pa tsikulo akufunika 4,500. Sanabe, sanazembe, koma alibe ndalama. Tebulo lathu tsopano lili ndi funso loti "kodi chino ndi chaka choyamba kulipira?", ndipo yankho likakhala inde, limawonjezera malipiro oyambirirawo pa ndalama zoyenera kusungidwa.

Ku United States vuto lili pena. Bungwe lotolera misonkho la IRS limafuna malipiro anayi pachaka, pa 15 Epulo, 15 Juni, 15 Seputembala ndi 15 Januwale. Munthu akamva kuti kanayi pachaka amaganiza kuti n'kutha kwa miyezi itatu iliyonse, koma pakati pa Epulo ndi Juni pali miyezi iwiri yokha, pamene pakati pa Seputembala ndi Januwale pali inayi. Kalendala yongowerenga miyezi itatu itatu ikanaphonya tsiku la mu Juni. Ku South Africa bungwe lotolera misonkho la SARS limafuna malipiro awiri kwa anthu otere, kumapeto kwa Ogasiti ndi kumapeto kwa Febuluwale. Titaona kusiyana kumeneku tachotsa njira yowerengera masiku mwa masamu. Tsiku lililonse mwiniwake azililemba ndi dzanja kuchokera pa chikalata cha boma, ndipo tebulo lizingowerenga masiku otsala n'kuchenjeza kutatsala 30, kenako kutatsala 7.

Mu kalendala yomweyi mukulowa zinthu zimene si misonkho koma zimatha mphamvu chaka ndi chaka: laisensi ya khonsolo, chiphaso cha zaumoyo, inshulansi, fomu ya pachaka ya kwa olembetsa makampani, ndi satifiketi yosonyeza kuti munthu alibe ngongole ya msonkho. Yomalizayi ndi yofunika kwa opikisana nawo pa tenda, mpikisano wopezera ntchito kapena msika wa katundu, ndipo mwachizolowezi imapezeka kuti yatha sabata imene tenda ikutsekedwa.

Ndalama zoyika padera

Pa tsamba loyamba pali nambala imodzi yolembedwa ndi zilembo zazikulu: ndalama zimene siziyenera kukhudzidwa. Imaphatikiza VAT imene yatoleredwa kuchotsapo VAT imene yalipidwa pogula, msonkho wa phindu woyerekezera, zopereka za penshoni ndi zaumoyo, ndi gawo la mwezi uno la ziphaso za pachaka. Kabuku kakunena mosabisa kuti ndalama zimenezi zisamutsidwire ku akaunti ina tsiku lomwelo limene kasitomala walipira. Kudikira kumapeto kwa mwezi sikugwira ntchito, chifukwa pofika nthawiyo ndalamazo zimakhala zasanduka katundu wa pa shelefu.

Zopereka za penshoni ndi zaumoyo tazipatsa mzere wakewake popeza ndi zimene anthu ochoka pa ntchito yolembedwa amaziiwala. Pamene anali pa ntchito, bwana ankalipira gawo lake iwo osaliona. Akadzilemba okha, m'mayiko ena magawo onse awiri amagwera iwo. Ku United States msonkho umenewu ndi 15.3 peresenti, wowerengeredwa pa 92.35 peresenti ya phindu, ndipo umayamba phindu likangofika madola 400 pachaka. Pa phindu la madola 50,000 ndiye kuti pafupifupi 7,065, msonkho wa phindu weniweniwo usanawerengedwe. Ku France, amene analembetsa ngati bizinesi yaing'ono kwambiri amapereka ku bungwe lotolera zopereka zimenezi la URSSAF peresenti ya ndalama zonse zimene agulitsa, mwezi uliwonse kapena miyezi itatu iliyonse. Ku Brazil, wolembetsa ngati MEI, kutanthauza wochita bizinesi yaing'ono payekha, amalipira ndalama yokhazikika pofika pa 20 mwezi uliwonse, agulitse asagulitse. Ndiye tebulo likuyenera kulola njira zitatu: peresenti ya phindu, peresenti ya zogulitsa, ndi ndalama yokhazikika. Ziwiri zoyambazo zikugwira ntchito. Yachitatu ikusokoneza masamu a mwezi umene bizinesi yayambira pakati, ndipo tikuikonza.

Msonkho wa pa zogulitsa: tawonjezera choyerekezera

Mayiko ambiri ali ndi msonkho wosavuta wa mabizinesi ang'onoang'ono, umene umawerengedwa pa ndalama zonse zogulitsa m'malo mwa phindu. Umakopa chifukwa peresenti yake ndi yaing'ono ndipo mafomu ake ndi ochepa. Koma ubwino wake umadalira mtundu wa bizinesi, ndipo apa m'pamene tikuona kuti anthu amafunika kuona manambala asanasaine.

Tiyerekeze msonkhowu uli 3 peresenti, ndipo anthu awiri agulitsa 1,000,000 aliyense. Woyamba amaoda katundu n'kugulitsa, ndipo akachotsa zonse amatsala ndi phindu la 50,000. Wachiwiri amagulitsa luso lake, monga kumasulira kapena kukonza mapulogalamu, ndipo zowonongera zake ndi 100,000 zokha, phindu 900,000. Onse awiri alipira 30,000. Kwa wachiwiriyo n'kanthu kochepa, kungopitirira pang'ono 3 peresenti ya phindu. Kwa woyamba ndi 60 peresenti ya phindu lake lonse, ndipo chaka chimene waluza alipirabe. Tayika kabokosi koti munthu alembemo zogulitsa ndi zowonongera za chaka, kenako aone misonkho iwiriyo moyandikana. Kabuku kakukumbutsanso kuti m'malo ena munthu akasankha njira imodzi saloledwa kusintha pakati pa chaka, ndiye afunse za malamulo otulukira asanalowe.

Malire a VAT

Ili ndi gawo limene latenga nthawi yambiri yoyesa. Ku Britain malire a zogulitsa amene munthu akawadutsa amayenera kulembetsa VAT ndi mapaundi 90,000 kuyambira pa 1 Epulo 2024, koma sawerengedwa pa chaka cha msonkho. Amawerengedwa pa miyezi 12 iliyonse yapitayi, kutanthauza kuti kumapeto kwa mwezi uliwonse munthu ayenera kuphatikiza miyezi 12 ya m'mbuyo. Ku Germany kuyambira 2025 amayang'ana manambala awiri, mayuro 25,000 a chaka chatha ndi 100,000 a chaka chino. Tebulo likutha kuchita njira zonse ziwiri, ndipo limayamba kuchenjeza munthu akafika 80 peresenti ya malire.

Chenjezoli likubwera msanga dala. Amene wadutsa malire osadziwa amawerengedwa ngati anayenera kutolera VAT kuyambira tsiku limene lamulo linamugwira. Makasitomala analipira kale n'kupita, ndiye msonkhowo umatuluka m'thumba mwake, chindapusa ndi chiwongoladzanja pamwamba. Komanso amene amagulitsa kwa anthu wamba amafunika nthawi yoganiza za mitengo. Makasitomala ake sangabwezeredwe VAT, choncho kaya akweze mtengo ndi gawo lonselo n'kutaya ena a iwo, kaya asiye mtengo momwemo n'kumalandira 100 pamene ankalandira 120. Wogulitsa kwa makampani olembetsa VAT alibe vuto lotere, ndipo nthawi zina kulembetsa asanafike n'komwe pa malire kumamupindulira, popeza amayamba kubwezeredwa VAT ya zimene iye amagula.

Tsamba la zowonongera: theka

Madanga akuluakulu alipo. Zatsala zinthu ziwiri zovuta.

Choyamba ndi zipangizo zokhalitsa. Munthu akagula makina a 600,000, ndalama zonse zimatuluka tsiku limodzi, koma malamulo a mayiko ambiri salola kuchotsa zonsezo pa phindu la chaka chimenecho. Ngati lamulo likulola 25 peresenti, chaka choyamba achotsa 150,000 yokha. Pa pepala aoneka kuti ali ndi phindu lalikulu pamene mu akaunti mulibe kanthu. Mayiko ena amalola kuchotsa zonse kamodzi mpaka malire ena ake, ndiye danga la peresenti liyenera kukhala pa chipangizo chilichonse, osati limodzi la tsamba lonse.

Chachiwiri ndi zinthu zogwiritsidwa ntchito pawiri, monga foni, galimoto ndi chipinda cha m'nyumba. Chololedwa ndi gawo la bizinesi lokha, ndipo woyendera wa bungwe lotolera misonkho akabwera amafunsa kuti peresentiyo munaipeza bwanji. Kungonena kuti theka sikukwanira. Tikupanga katsamba kolembapo maulendo: tsiku, kumene munapita, chifukwa chake, ndi makilomita a pa mita ya galimoto ponyamuka ndi pofika.

Za malisiti kabuku kali ndi ndime yakeyake. Malisiti ambiri a m'masitolo ndi omwetsera mafuta amasindikizidwa ndi kutentha pa pepala lopyapyala lonyezimira. Lisiti lotere likakhala m'chikwama kapena pa dashibodi ya galimoto, pakapita miyezi ingapo limayera mbee, kungotsala timizere totuwa pamene panali manambala. Koma boma limafuna kuti mapepala asungidwe zaka zambiri. Ku Britain ndi zaka zosachepera zisanu kuchokera pa 31 Januwale ija. Langizo ndi lakuti lisiti lijambulidwe tsiku lomwelo, litayalidwa pamalo owala, nambala ya msonkho ya wogulitsa ikuoneka bwino. Dzina la chithunzi liyambe ndi chaka, mwezi, tsiku, kenako dzina la wogulitsa ndi ndalama, kuti zithunzi zizisanjika zokha. Mu tebulo muli danga la dzina la chithunzicho. Tawonjezanso funso loti lisitilo ndi la mtundu umene boma limavomereza, chifukwa mayiko ena tsopano amafuna malisiti otuluka m'makina olumikizidwa ndi bungwe lotolera misonkho. Ku Kenya, kuyambira Januwale 2024, zowonongera zambiri zopanda invoisi yotuluka m'makina otere, otchedwa eTIMS, sizivomerezedwa pochotsera phindu, ngakhale munthu analipiradi.

Mafomu opanda kanthu ndi kutseka bizinesi: tangoyamba

Chindapusa chambiri chimene mabizinesi ang'onoang'ono amalipira si cha kuzemba msonkho. Ndi cha kusapereka fomu. Munthu amaganiza kuti popeza mwezi uno sanagulitse kanthu, palibe chouza boma. Koma nambala ya msonkho ikakhala yotseguka, fomu imafunikabe, ngakhale yolembedwa ziro paliponse. Ku Britain kuchedwetsa fomu ya pachaka ndi tsiku limodzi kumabweretsa kwa anthu ambiri chindapusa cha mapaundi 100, kaya pali msonkho wolipira kaya palibe. Ku France wolembetsa ngati bizinesi yaing'ono kwambiri amauzabe URSSAF za mwezi umene wapeza ziro. Mu kalendala tagawa mizere pawiri, tsiku lopereka fomu ndi tsiku lolipira, ndipo mzere wa fomu sungafufutike chifukwa choti ndalama yolipira ndi ziro.

Zomwezi n'zimene zimatsatira munthu amene wasiya bizinesi. Kutseka chitseko cha shopu ndi kubweza makiyi sikuuza ofesi iliyonse kanthu. Kwa olembetsa makampani bizinesiyo ikadalipo, kwa a misonkho mafomu akufunikabe, kwa a khonsolo laisensi ikuyembekezeka kukonzedwanso, ndipo zindapusa zimaunjikana mwakachetechete mpaka tsiku limene mwiniwake adzafune ngongole kubanki kapena kulembetsa bizinesi ina. Tsamba lotsekera likutsata mndandanda wa tsamba lolembetsera koma mobwerera m'mbuyo: kumaliza malipiro a antchito ngati alipo, kupereka mafomu omaliza, kutuluka mu VAT, kudziwitsa a khonsolo, kufufutitsa dzina, ndipo akaunti ya kubanki itsekedwe pomalizira penipeni, chifukwa ngati boma lili ndi ndalama zoti libweze, lidzazitumiza kumeneko. Potuluka mu VAT pali msampha wina umene tikuulembera ndime yapadera. M'mayiko ena katundu ndi zipangizo zimene zatsala m'manja pa tsiku lotuluka zimawerengedwa ngati zagulitsidwa, ngati VAT yake inabwezedwa pogula, ndipo msonkho wake umafunika mu fomu yomaliza.

Zotsatira

Tikamaliza masamu a ndalama yokhazikika ndi danga la zipangizo zokhalitsa, tebulo lipita kwa owerengera ndalama kuti alidzaze ndi manambala a chaka chathunthu n'kuyerekeza ndi zimene iwo apeza pa njira yawo. Tsamba la olemba antchito sitinalikhudze. Munthu akangolemba wantchito mmodzi, amasanduka wotolera msonkho wa boma, ndi mafomu a mwezi ndi mwezi komanso masiku akeake, ndipo tikuona kuti zimenezi zikufunika tebulo lina lapadera. Pakadali pano tsamba loyamba lingokhala ndi funso loti "kodi muli ndi wantchito?", ndipo yankho likakhala inde, lizichenjeza kuti nambala ya ndalama zoyika padera ndi yosakwanira.